Labotale Yonyezimira ya Sisitere Makiyi

Sisitere Makiyi munkayamba kuwamva musanawaone. Akangotulukira pakona ya ofesi, chimtolo cha makiyi chili m'chiuno ngwerengwere, kalasi imene inali ngati msika inkangoti zii, ndipo mphunzitsi amene anatsamira khoma ankadzambatuka n'kuyamba kufufuza choko m'matumba. Dzina lawo lenileni linalipo, lolembedwa bwinobwino pachitseko cha ofesi ya mphunzitsi wamkulu, koma ndani ankalitchula? Atsikana a pasukulupo, makolo, ngakhale wansembe wa paparishi, onse ankangoti Sisitere Makiyi. Eni ake ankalidziwa dzinalo, ndipo kunena zoona ankalikonda.

Anali munthu wamfupi, wothamanga magazi, woti akasangalala velo yawo inkapendekera kumanzere iwo osadziwa. Anabadwira m'banja la bambo wina wogulitsa mbale, makapu ndi matambula m'kasitolo kothinana kuseri kwa depoti ya mabasi. Ana a m'nyumba imeneyo anaphunzira kuyenda cham'mbali asanaphunzire kuwerenga, chifukwa kanjira ka pakati pa mashelefu kankangokwana munthu mmodzi wopanda mimba. Bambo awo anali ndi mawu amodzi owabwereza m'mawa ndi masana: "Galasi silimva pepani." Alongo awo onse analawako khofi la bambo chifukwa choswa tambula, koma kamtsikanaka ayi. Kankanyamula mulu wa mbale wofika pachibwano osagwetsa ngakhale imodzi, bambo n'kumanyadira kwa makasitomala kuti, "Uyu ndiye wanga. Enawa anatengera kwa amayi awo."

Tsiku limene mwanayo ananena kuti akufuna usisitere, mayi analira, alongo anaseka mpaka kugwira m'mimba, bambo anangoyang'ana mashelefu awo n'kufunsa, "Nanga sitolo ndidzasiyira ndani? Zigawenga izi?" Komabe anamulola, ndipo anamuperekeza okha atanyamula kasutikesi kake paphewa.

Kunyumba ya masisitere sanachedwe kuona kuti alandira manja odalirika. Anamupatsa ntchito yosamala ziwiya za Misa: chikho, timabotolo ta vinyo ndi madzi, ndi nsalu zoyera za paguwa. M'kachipinda kameneko, kuseri kwa tchalitchi, anakhalamo zaka zambiri, n'kuphunzira kuti chinthu cholemekezeka umachigwira ndi kansalu, ukatha umachipukuta, kuchivundikira, n'kukiya kabati. Atachita malumbiro ake, chipani cha masisiterewo chinamutumiza kukaphunzira uphunzitsi, ndipo anatulukako ali katswiri wa masamu. Za sayansi sankazidziwa. Pa nthawi yake, anyamata akamapita ku sayansi, atsikana ankawapatsa singano ndi ulusi.

Sukulu ya atsikana imene anadzaitsogolera inayambira m'nyumba yosungiramo katundu wa parishi, yodontha, mbewa zikuchita mpikisano pamitanda. Sisitere anayenda khomo ndi khomo kupempha ana. Mtsikana akajomba, sankatuma munthu. Ankapita okha kumsika, n'kukaima pambali pa benchi la mayi ake, osakalipa, kumangofunsa mitengo ya tomato ndi kucheza za mvula mpaka mayiyo atachita manyazi n'kunena kuti, "Mawa abwera, Sisitere." Chaka ndi chaka kalasi inkawonjezereka, ndipo chitseko chilichonse chatsopano chinkabwera ndi kiyi wake wokalowa pachimtolo chija.

Nkhani ya labotale inayambira pamsonkhano wa makolo. Kalipentala wina, amene mwana wake anali m'kalasi yachiwiri, anaimirira atafinya chipewa m'manja.

"Sisitere, ife tikuthokoza, ana akuphunzira. Koma wangayu akuti akufuna unamwino, ndiye akuti kumeneko popanda sayansi salandira. Nanga akamaliza pano apita kuti? Adzandithandize kupala matabwa?"

Anthu anaseka, koma Sisitere magazi anawathamanga. Anaimirira velo itapendekera kale.

"Bambo, mvetserani, ndipo nonse mukhale mboni. Kalasi ya mwana wanuyo idzalemba mayeso a sayansi pompano, m'labotale yathuyathu!"

M'holomo munabuka nthungululu. Koma Amayi Aakulu a chipani, nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene inawaphunzitsa Sisitere kupemphera ali kamtsikana, sanaombe nawo m'manja.

"Mwana wanga, walonjeza ndi pakamwa pa ndani?" anawafunsa atabwerera kunyumba. "Chabwino, manga. Koma a zamaphunziro akaikana labotaleyo, chipinda chimenecho tiikamo makina osokera, ndipo nkhani ya sayansi idzathere pomwepo. Makolowo ukawauze wekha."

Sisitere anavomera mosaganiza kawiri. Kuyambira tsiku limenelo, mawu awo ndi tsogolo la kalasi yonse zinali pa chipinda chimodzi chimene chinali chisanamangidwe n'komwe.

Makolo anaumba njerwa, amisiri a mumpingo anamanga, kalipentala uja anakhoma mabenchi aatali osalala ngati tsaya la mwana. Zipangizo ndiye zinali kugwetsa mphwayi, mpaka Sisitere anamva kuti seminale ina yakutali ikutsekedwa ndipo katundu wa m'labotale yake akungodya fumbi. Anakagogoda kumeneko kangapo, wansembe woyang'anira malowo mpaka anatopa nawo n'kunena kuti, "Tengani zonse, Sisitere, bola mundisiye ndipume."

Amene anakatenga katunduyo anali mlongo wawo wamkulu, woyendetsa lole, yemwe uja ankatsogolera kuswa matambula kusitolo. Ulendo wonse Sisitere anakhala kumbuyo pamodzi ndi mabokosi, atawakumbatira, akumenya denga la lole pa bampu iliyonse.

"Achimwene, pang'onopang'ono!"

"Achemwali, ndikachepetsanso apa ndiye kuti ndaima!"

Lole italowa pageti, sukulu yonse inakhamukira panja. Atsikana anavina mozungulira, ophika anatuluka ndi zikombe m'manja, belu linalira popanda wolilamula. Sisitere anatsegula bokosi loyamba n'kutulutsa m'udzu wouma kabotolo ka khosi lalitali, kopyapyala ngati chikamba cha dzira. Anakakweza kudzuwa, kakuwala, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo. Pa moyo wawo wonse anali asanagwirepo galasi lokongola chotero.

Apa ndiye panayambira vuto, ndipo linayamba mwaulemu kwambiri. Masisitere anasoka nsalu zoyera zovundikira mabenchi, zina zokhala ndi timaluwa m'mphepete. Pansi anapaka polishi wofiira mpaka munthu n'kumadziona. Machubu, mabotolo, timbaula ta gasi ndi maikulosikopu zonse zinalowa m'makabati a magalasi, zitandanda motsatana msinkhu, makabatiwo n'kukiyidwa. Wolowa m'labotale ankavula nsapato pakhomo. Patebulo la mphunzitsi panali mphika wa maluwa, ndipo sisitere wina wachikulire ankatsitsa mawu akamadutsa pakhondepo.

Mphunzitsi wa sayansi anali mnyamata wofatsa, wongochoka kumene kukoleji, woti akamalankhula ndi Sisitere ankayang'ana nsapato zake. Kamodzi pa mlungu Sisitere ankatsegula kabati, n'kumupatsa chipangizo chimodzi atachigwira ndi kansalu. Atsikana ankaima kuseri kwa mzere wa choko, manja kumbuyo, iye n'kukweza chinthucho m'mwamba: "Taonani, ichi ndi choyezera madzi. Taonani, apa pali manambala." Sipanatenge nthawi, dzina lake linasanduka a Taonani.

Tsiku lina analimba mtima. "Sisitere, mwina anawa akanamagwirako pang'ono..."

"Aphunzitsi, mukudziwa kumene zachokera zinthu zimenezi? Zikasweka mukazitenga kuti? Makamaka uyo," anatero akuloza ndi chibwano mwana wa kalipentala uja. Mtsikanayo anali wanzeru zoopsa koma manja ake anali ndi maganizo awoawo, moti anzake ankamutcha Chigwetsa. A Taonani anayang'ana nsapato zawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kalasi ya Chigwetsa itafika chaka chomaliza, kunabwera mayi woyendera masukulu, amene mawu ake ndiwo akanalola kapena kukana kuti mayeso a sayansi alembedwere pamenepo. Sisitere anali atakonzekera ngati kukubwera bishopu. Anamulandira pageti mtima ukudumphadumpha ndi chimwemwe, chifukwa ankadziwa kuti labotale yaukhondo chotero mayiyo sanaionepo.

Anali mayi wamkulu thupi, woyenda mosapupuluma. Anaima pakhomo n'kuona mzere wa nsapato, koma zake sanavule. Analowa, anakweza nsalu ya pabenchi, n'kuyendetsa chala pathabwa. Fumbi panalibe, ndipo Sisitere anamwetulira mpaka m'makutu. Mayiyo ananunkhiza mpweya, anayang'ana maluwa, kenaka anatembenuka.

"Sisitere, Misa imayamba nthawi yanji muno?"

Sisitere anaseka poganiza kuti n'chiyamikiro. Mayiyo sanaseke. Anapempha kuti kabati itsegulidwe, anatulutsa kambaula ka gasi ndi chubu chimodzi ndi manja ake osapukuta, n'kuitana mtsikana amene anali pafupi. Tsoka ilo, anali Chigwetsa.

"Mwanawe, tayatsa apa unditenthetsere madzi m'chubumu."

Chigwetsa anayang'ana Sisitere, manja ali kumbuyo. Sanasunthe. Mayiyo anaitana wina, kenaka wina. Onse ankadziwa dzina la chinthu chilichonse, ntchito yake, ngakhale tsamba la buku pamene chinajambulidwa. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mbali imene gasi amatsegulira.

"Pamayeso mwana amakhala yekha ndi moto, ndi asidi, ndi galasi," mayiyo anatero akubweza chubu chija. "Ana awa ndikawalola, ndawapereka kungozi. Ndibweranso kumapeto kwa teremu, tisanatseke mayina a olemba mayeso. Ndikadzapeza mabenchi awa alibe chipsera ngakhale chimodzi, ndidzabwerera pakhomo pomwepo."

Sisitere anapsa mtima kwabasi. Anafika kwa Amayi Aakulu makiyi akulira ngati ng'ombe yothawa dibi, n'kukhuthula zonse: mayi uja ndi wansanje, walowa ndi nsapato, wagwira galasi ndi manja a thukuta, ndipo akufuna ana aphwanye zinthu zimene anthu anazivutikira. Nkhalambayo inamvetsera ikusenda lalanje, osawadula mawu.

"Watha?" inafunsa. "Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga. Tandiuza, chikho chija unkachipukuta zaka zonse zija, wansembe ankamweramo kapena ankangochionetsa kwa anthu?"

"Ankamweramo, Amayi."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Ndiye idya lalanje ili, upite."

Sisitere anatuluka manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti a Taonani anawauzapo zomwezo, iwo n'kuwatseka pakamwa.

M'mawa mwake anaitana kalasi yonse kulabotale. Anayamba kuchotsa kiyi wa labotale ndi wa makabati pachimtolo chija, ndipo makiyiwo anakanirira ngati akudziwa, mpaka chikhadabo chinathyoka. Anawaika m'manja mwa a Taonani pamaso pa ana onse.

"Aphunzitsi, munanena ine osamva. Tengani. Inu atsikana, valani nsapato zanu, chotsani nsalu izi, fufutani mzere uwo. Lero aliyense agwira!"

Atsikana anayang'anana, poganiza kuti ndi msampha. Anayamba kugwira ndi nsonga za zala, akupuma mwakuba. A Taonani, amene anali asanamvekepo akukweza mawu, anasintha ngati awathira mafuta: uku akuonetsa kayatsidwe ka gasi, uku akugawa machubu, uku akukuwa kuti tsitsi limangidwe kumbuyo. Lawi loyamba la buluu litati phu, mtsikana amene analiyatsa anakuwa ndi mantha, kenaka anaseka, kalasi yonse n'kuomba m'manja.

Chisangalalo chili pakati, kunamveka phwaa! Kabotolo ka khosi lalitali kaja, koyamba kutuluka m'bokosi, kanali zidutswazidutswa pamapazi a Chigwetsa.

Mtsikanayo anagwada pomwepo, misozi ili chuchuchu. "Pepani, Sisitere. Pepani, sindinachitire dala."

Mawu a bambo awo anafika pamlomo penipeni pa Sisitere, okonzeka kutuluka. Anawameza, ndipo anawawa pakhosi ngati mtsitsi wa mankhwala.

"Dzuka, ungadzicheke mawondo. Tsache lili kuseri kwa chitseko. Ukasesa utenge botolo lina upitirize."

Atatero anatuluka mwaulemu wonse, anazungulira kuseri kwa khitchini kumene kunalibe munthu, n'kugwira mutu ndi manja awiri. "Mayo ine, botolo langa!" Wophika wina anawapeza akulankhula okha ndi mulu wa nkhuni, ndipo anabwerera chakumbuyo mwakachetechete.

Milungu yotsatira inali yosaiwalika pasukulupo. Labotale inayamba kununkha ngati mazira owola, ndipo a Taonani ankati fungo limenelo ndiye sayansi. Mabenchi a kalipentala anadzaza madontho achikasu ndi mabala a moto. Mtsikana wina anawauka nsidze imodzi, n'kumayenda monyada ngati walandira mendulo. Atsikana amene kale ankathawira kumsika ankabwera m'mawa kwambiri kudzadikira a Taonani pakhomo, ndipo masana ankachita kuwathamangitsa kuti akadye.

Sisitere nawo chidwi chinawagwira. Tsiku lina anakhala pabenchi lakumbuyo ngati mwana wa sukulu, ndipo Chigwetsa anawaikira kakhungu ka anyezi pamaikulosikopu n'kuwauza kuti atsinzine diso limodzi. Poyamba ankangoona nsidze zawo. Mtsikanayo anapotoza kagudumu pang'ono, ndipo Sisitere anakuwa mpaka a m'kalasi yoyandikana anamva.

"Ee! Muli timazipinda! Tandandalika ngati njerwa! Anyezi yemweyu wa kukhitchiniyu?"

"Yemweyo, Sisitere. Ngakhale inuyo muli ndi timazipinda totero."

"Ine? Usandinamize iwe!"

Anathamanga kukaitana ophika, mlonda wa pageti, masisitere onse, mpaka Amayi Aakulu ndi ndodo yawo, aliyense adzaone anyezi. Pa chakudya cha masisitere tsiku limenelo sipanakambidwe nkhani ina, ndipo sisitere wachikulire uja anati sadzadulanso anyezi mwachipongwe.

Komabe chizolowezi sichitha ndi tsiku limodzi. Sisitere ankati akakhala muofesi, khutu limodzi linali kulabotale. Kukangomveka kaphokoso, ngakhale ka supuni, ankafika pakhomo akupuma wefuwefu: "Chasweka n'chiyani? Wavulala ndani?" Akalowa, ankazungulira kumbuyo kwa ana, uku akukankhira botolo pakati pa benchi, uku akugwira chigongono cha wothira asidi. Ana nawo, chinthu chikangolakwika, onse ankasiya ntchito n'kutembenukira kukhomo kudikira ngwerengwere.

Kutatsala pang'ono kuti mayi uja abwerenso, a Taonani anagogoda kuofesi. Ulendo uno sanayang'ane nsapato.

"Sisitere, ndinene?"

"Nenani, Aphunzitsi. Masiku ano ndimamva."

"Mukakhalamo, ana amayang'ana inu m'malo moyang'ana moto. Tsiku loyendera lija, ndikupempha mukhale panja."

Mawuwo anawalasa. Njerwa anazipempha ndi iwo, lole anakwera ndi iwo, lonjezo kwa makolo linatuluka pakamwa pawo, ndiye lero awauze kuti akhale panja ngati mlendo? Anadziwa kuti mnyamatayo akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawawa.

Tsikulo linafika. Mbiri inali itawanda, moti kunja kwa mpanda kunadzaza makolo: amayi a kumsika atasiyira anzawo mabenchi, kalipentala ali ndi utuchi m'tsitsi, ngakhale mlongo wa Sisitere wa lole uja anaimika galimoto yake pamsewu kuti amve mathero. Mayi woyendera uja analowa m'labotale, anayang'ana mabenchi, anakwinya mphuno ndi fungo, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati akufuna kumwetulira. Anatulutsa a Taonani kuti akakhale kuchipinda cha aphunzitsi, anagawira ana ntchito, n'kutseka chitseko.

Sisitere anatsala pakhonde ndi Amayi Aakulu, amene anali atakhala pampando. Koma Sisitere kukhala pansi kunawakanika. Ankapita uku ndi uku atagwira makiyi ndi dzanja kuti asalire, akuyamba pemphero n'kulitaya pakati. M'katimo munkamveka madzi akutuluka pampopi, timagalasi tikugundana, ndi mawu a ana otsika. Ana akakanika lero, mawa lomwe makina osokera alowa, ndipo iwo adzayenera kupita pampanda paja kukayang'ana kalipentala m'maso.

Kenaka phwaa!

Miyendo ya Sisitere inanyamuka yokha. Koma ndodo ya Amayi Aakulu inali itapingasa kale kutsogolo kwawo.

"Ima pomwepo."

"Amayi, mwina wina wavulala!"

"Akakufuna akuitana. Ima."

Anaima, maso ali pachitseko. Ankadziwa chimene chichitike: chitseko chitseguka, mwana atuluka akulira, ndipo mayi uja aona kuti ana awa popanda Sisitere ndi anapiye. Anadikira. Chitseko sichinatseguke. M'malo mwake anamva tsache likukokedwa pansi, zidutswa zikugwera m'chitini, kenaka mawu a Chigwetsa, odekha ngati a munthu wamkulu: "Iwe, tseka gasi wanga kaye. Tandipatsa chubu china." Madzi a pampopi anayambiranso kutuluka.

Dzuwa litafika pamutu, mayi woyendera uja anatuluka akupukuta manja ndi kansalu.

"Sisitere, ana anu aswa chubu chimodzi."

"Ndinamva, mayi."

"Ine ndimayang'ana nkhope zawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anacheukira kukhomo. Mayeso alembera pompano."

Sisitere sanadikire kuti amalize. Munthu wa velo sathamanga pamaso pa anthu, koma tsiku limenelo anthu anaona. Analiyatsa liwiro kudutsa pabwalo, makiyi akulira, velo ili pakhutu, akukuwa asanafike n'komwe pampanda: "Alola! Bambo, alola! Mwana wanu alemba!" Kunja kuja kunaphulika nthungululu. Kalipentala anaponya chipewa m'mwamba osaona kumene chagwera, ndipo mlongo wa Sisitere anakanikiza hutala ya lole mpaka agalu a m'dera lonselo anayamba kuuwa.

Atabwerako akupuma movutikira, anakumbukira phokoso lija n'kulunjika kulabotale. Anagogoda, chinthu chimene anali asanachitepo pachitseko chilichonse cha pasukulupo. Anatsegula ndi Chigwetsa, atavala epuloni yothimbirira, chala chimodzi chitakulungidwa bandeji.

"Mwana wanga, wadzicheka! Bwera kuno ndione."

"Tatsuka kale, Sisitere, mnzanga wandimanga. N'kakang'ono."

"Nanga zidutswa? Wina angaponde. Ndilowe ndikuthandizeni kukonza."

"Tasesa, zonse zili m'malo mwake." Mtsikanayo anacheukira m'kati, kumene anzake anali ataweramira timalawi ta buluu, kenaka anayang'ananso Sisitere mwaulemu koma mwachangu. "Pepani, Sisitere, madzi anga akuwira. Tikamaliza tibwera kuofesi tidzakuuzeni zonse."

Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono pamaso pawo. Sisitere anaima pakhondepo manja ali lende. Kuyambira m'nyumba yodontha ija, panalibe mwana wa pasukuluyo amene anawauzapo kuti sakuwafuna, ndipo sankadziwa kuti tsiku lodzamva zimenezo adzasangalala chotere, kapena kuti zidzawawa chotere. Anayamba kuseka, misozi ikutsikira m'masaya, osaipukuta.

"Wakuthamangitsa?" anafunsa Amayi Aakulu ali pampando paja.

"Wandithamangitsa, Amayi."

"Ndiye bwera udzakhale pansi, mwana wanga. Wakhala chiimire nthawi yaitali."

Sisitere anakhala pansi.